Chilembo L kumbuyo kwa khobidi la ku Alexandria

Munthu akandibweretsera khobidi lakale la Aroma, funso lake loyamba limakhala lakuti nkhopeyi ndi ya mfumu iti. Ine ndimayamba ndalitembenuza kaye. Nkhope imanamiza, makamaka khobidi likaperepeseka, pomwe kumbuyo n'kumene kumaulula kwawo kwa khobidilo ndi chaka chimene linasulidwa.

Si makobidi onse a nthawi ya Aroma amene anasulidwa ku Roma. Mizinda mazanamazana ya kum'mawa kwa ufumuwo inkasula akeake, olembedwa m'Chigiriki osati m'Chilatini. Mukaona CEB pafupi ndi mutu wa mfumu, C ameneyo mumuwerenge ngati S. N'chidule cha Sebastos, dzina laulemu lofanana ndi Augustus.

Amene ndimawakonda kwambiri ndi a ku Alexandria, ku Egypt, chifukwa amanena okha zaka zawo. Kumbuyo kwake funani chilembo chonga L. Chimatanthauza "chaka", ndipo zilembo zoyandikana nacho ndi manambala: A ndi 1, B ndi 2, E ndi 5, I ndi 10. Choncho LIB pakhobidi la mfumu Nero ndi chaka cha 12 cha ulamuliro wake, kutanthauza 65 mpaka 66. Zaka zimagwa ziwiri chonchi chifukwa ku Egypt chaka chinkayamba pa 29 Ogasiti. Hadrian analowa ufumu mu Ogasiti 117, ndiye "chaka" chake choyamba sichinakwane ngakhale milungu itatu. Mukapeza LIE pakhobidi lake, mwagwira cha 130 mpaka 131, nthawi imene anakacheza ku Egypt, ndipo pa ena amaoneka akulonjeredwa ndi mayi wovala chikopa cha mutu wa njovu. Mayiyo akuimira mzinda wa Alexandria.

Chaka cha 9 chili ndi nkhani yakeyake. Chilembo cha nambalayi ndi chimene chimayambanso mawu a Chigiriki otanthauza imfa, ndipo osula nthawi zambiri ankachizemba n'kulemba nambalayo m'mawu, ENATOY. Zimandikhudza ndikaganiza kuti mantha a mmisiri wina wake akuonekabe pakachitsulo kokwana pachikhatho.

Sikelo nayo imathandiza. Khobidi lotchedwa tetradrachm la nthawi ya Nero limalemera magalamu pafupifupi 13. Pofika nthawi ya mfumu Diocletian, amene anathetsa makobidiwa cha m'ma 296, linali litachepa kufika magalamu 7 kapena 8, siliva atatsala dzina lokha.

Musathamangire kunena kuti khobidi lililonse lokhala ndi ng'ona ndi la ku Egypt. Ng'ona yomangidwa unyolo pamtengo wa kanjedza, pali malemba akuti COL NEM, ndi ya ku Nîmes ku France.

Chonde, musalikweche khobidi ndi mchenga, phulusa kapena mandimu. Ndinalandirapo lina lowala mbee, mwini wake atalitsuka ndi mtima wabwino, koma L uja ndi manambala ake zinali zitapita ndi dzimbiri lomwe.