Mmene oimba a ku Brazil anapezera kwawo pa nsanja ya ku Montreux

Montreux ndi tauni yaing'ono ya ku Switzerland yomwe ili m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, kutali kwambiri ndi mizinda ya ku Brazil ya Rio de Janeiro ndi Salvador, komabe dzina lake silisowa pamene anthu a ku Brazil akukamba mbiri ya nyimbo zawo. Chikondwerero cha jazi cha m'tauniyi chinayamba mu 1967 motsogozedwa ndi Claude Nobs, ndipo chinkachitikira m'holo ya Casino, yomwe inapsa mu Disembala 1971 Frank Zappa ali mkati moimba. Nyumbayo inamangidwanso n'kutsegulidwa mu 1975, ndipo ndi pa nsanja yatsopanoyo pomwe ubale ndi Brazil unazika mizu.

Ubalewu unadzera ku malonda, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Nobs ankayang'anira nthambi ya ku Switzerland ya kampani yojambula nyimbo ya WEA, pomwe nthambi ya ku Brazil inali m'manja mwa André Midani, yemwe ankagwira ntchito ndi katswiri wojambula nyimbo Marco Mazzola. Anthu amenewa ndiwo anakonza zoti mu 1978 usiku umodzi wa chikondwererocho uperekedwe kwa oimba a ku Brazil, ndipo Mazzola anapitiriza kusankha ndi kubweretsa oimbawo kwa zaka zambiri.

Panthawiyo anthu ambiri a ku Ulaya ankati akamva za Brazil amangoganiza za bossa nova, mayimbidwe ofatsa a gitala ndi mawu apansipansi. Gilberto Gil, yemwe anatsogolera usiku woyambawo, anabwera ndi zina. Iye ndi wa ku Bahia, dera la kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, ndipo boma la asilikali lomwe linalamulira kuyambira 1964 mpaka 1985 linali litamutsekera m'ndende kenako n'kumuthamangitsira ku London, komwe anakhala kuchokera mu 1969 mpaka 1972. Ku Montreux anaimba samba ndi baião mosakaniza ndi magitala amagetsi ndiponso kagundidwe ka ng'oma kochokera kwa zidzukulu za akapolo a ku Africa, ndipo chimbale cha usikuwo chinatuluka kwawo chaka chomwecho.

Usiku womwe umakambidwa kwambiri mpaka lero ndi wa mu 1979. Elis Regina ndi Hermeto Pascoal anaimba aliyense ndi gulu lake, koma kumapeto anawaitanira pamodzi pa nsanja popanda kukonzekera kulikonse. Hermeto, wa tsitsi ndi ndevu zoyera zazitali, anakhala pa piyano n'kumapotoza nyimbo zodziwika bwino, uku akusinthasintha kamvekedwe ndi liwiro mosachenjeza mnzake, pomwe Elis, ataima pafupi ndi piyanoyo, ankamutsatira ndi mawu mpaka onse awiri n'kufikira pamodzi. Ena amaona ngati unali mpikisano, koma kwa ine chimene chimamveka m'menemo ndi akatswiri awiri omvetserana mwatcheru kwambiri. Elis anamwalira mu Januwale 1982 ali ndi zaka 36, ndipo chimbale chake cha usiku umenewo chinatuluka iye atapita kale.

Chimene chinalimbitsa ubalewu n'chakuti Nobs ankaonetsetsa kuti zoimbidwa pa nsanjayo zikujambulidwa bwino, kotero kuti oimba ankabwerera kwawo atanyamula chimbale. João Gilberto anajambulitsa chake mu 1985 ali yekha ndi gitala, ndipo magulu a rock a Os Paralamas do Sucesso ndi Titãs anachitanso chimodzimodzi mu 1987 ndi 1988, zomwe zikusonyeza kuti khomo silinatsegukire mtundu umodzi wokha wa nyimbo.

Mu 1993 chikondwererocho chinachoka ku Casino n'kusamukira ku holo ina ya m'tauni yomweyo yotchedwa Auditorium Stravinski, koma oimba a ku Brazil anapitirizabe kubwera. Nobs anamwalira mu Januwale 2013, ndipo chaka chomwecho bungwe la UNESCO linaika nkhokwe ya matepi a Montreux m'kaundula wake wa Memory of the World, wa zolembedwa ndi zojambulidwa zofunika kusungidwa pa dziko lonse, pamene sukulu yaukachenjede ya EPFL ku Lausanne inali kale mkati mosamutsira matepiwo m'makompyuta kuti asawonongeke.