Mmene thumba la ufa linagwedezera boma la Kaunda

Anthu akamadandaula za kukwera kwa chimanga masiku ano ine maganizo amathamangira kwa anzathu aku Zambia, poti kumeneko nkhani ya ufa, iwo amati unga, inafika pogwetsa mtsogoleri pampando.

Gwero lake ndi kopa. Zambia imalandira ufulu mu 1964 ili ndi anthu osakwana 4 miliyoni, ndalama za mmigodi zikulowa bwinobwino, ndiye anthu anakhamukira ku Kitwe, ku Ndola, ku Lusaka kukasaka ntchito. Tsono munthu wamtauni alibe munda, alibe nkhokwe, nsima yake ili mthumba la kusitolo, nchifukwa chake boma la Kenneth Kaunda limathirapo ndalama kuti ufa uzitchipa. Zinayenda ndithu mpaka chapakati pa zaka za mma 1970 pomwe mtengo wa kopa unagwa, mafuta nkukwera, ngongole kuchuluka, uku makomboni akungodzadza ana akubadwa tsiku ndi tsiku.

Mu December 1986, potsatira zofuna za IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, boma linachotsa sabuside pa ufa woyera uja amati breakfast ndipo mtengo unakwera kuposa kawiri nthawi imodzi. Ankati osauka azigula roller, wofanana ndi mgaiwa wathuwu, koma roller yo inasowa mmasitolo, mayi afika ndi ndalama yake mmanja apeza mashelefu ali mbee. Ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya kopa, anthu anaswa masitolo, anthu 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo, analanda zigayo zikuluzikulu kuti zikhale za boma, pofika May 1987 anasiyana nayo IMF. Koma ngongole sinapite kulikonse, ndiye mu June 1990 ufa unakweranso, ophunzira a pa University of Zambia anayamba zionetsero, makomboni a Lusaka nkutsatira, anthu oposa 20 anataya miyoyo. Pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, zinatha patangopita maola ochepa koma anthu anali atavina kale mmisewu, ndipo chisankho cha October 1991 Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba atalamula zaka 27.

Ine chimandikhudza nchakuti amene anafawo sanatuluke mnyumba chifukwa cha ndale ayi, anali makolo oti ana agona ndi njala. Ku Haiti mu 2008 zinali choncho ndi mpunga mpaka nduna yaikulu kuchotsedwa, ku Maputo mu September 2010 unali buledi, tirigu atakwera Russia italetsa kugulitsa kunja kamba ka chilala.

Pano kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni ku Zambia, kwathu kuno ku Malawi tinali 4 miliyoni mu 1966, pofika 2018 tinakwana 17.5 miliyoni, minda ndi yomweyo tikungoigawagawa, ndipo chilala cha 2024 chinakantha maiko onse awiri limodzi. Ku Lusaka kapaketi kaufa kongokwana mphika umodzi amati pamela, kuno timati walkman, ndipo madzulo pamsika wakwathu ndimaona amayi akuwerenga makobili pachikhatho, kukweza kapaketiko, kukayeza ndi maso, nkukabweza kuti atenge kocheperako.