Mwana wobadwa masiku asanakwane: musadikire kuti alephere kuyenda

Uthenga uwu ukupita kwa amayi, abambo ndi agogo a m'boma la Kasungu amene akulera mwana yemwe anabadwa masiku asanakwane, makamaka wobadwa pa miyezi 6 kapena 7.

Mimba yokhwima ndi ya masabata pafupifupi 40. Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane, achipatala amati wabadwa masiku osakwana, ndipo akabadwa asanafike masabata 32 ndiye kuti wafulumira kwambiri. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Lipoti limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa motere, kuposa dziko lina lililonse panthawiyo. Ambiri mwa ana amenewa amakula bwinobwino, n'kumathamanga ndi anzawo. Koma ena khosi limachedwa kulimba, amachedwa kukhala, kukwawa ndi kuyenda, ndipo makolo ambiri amathamangira ku chipatala mwana ali ndi zaka ziwiri, nthawi yabwino yomuthandiza itapita kale.

Chimachitika n'chiyani m'thupi mwake?

M'miyezi iwiri yomaliza ya mimba, mwana amakhala mothinana, atadzipinda, mawondo ali pachifuwa, manja ali kukamwa. Kuponda kuja amayi amamva usiku ndi mwana akulimbitsa minofu yake pokankha khoma la chiberekero. Wobadwa msanga amaphonya sukulu imeneyi. Mukamugoneka amangoti tambalale, miyendo yotakasuka ngati ya chule, manja ali uku ndi uku, mutu utagwera mbali imodzi. Akakhala choncho masabata ambiri, minofu ya kumsana imakungika pamene ya kumimba imakhala yofooka, ndiye mwana amazolowera kudzipindira kumbuyo m'malo modzipindira kutsogolo.

China n'chakuti timitsempha ta magazi ta mu ubongo wa mwana wotere timakhala tanthete. Tikhoza kuchucha magazi, kapena mbali ina ya ubongo ikhoza kuperewera mpweya. Mbali imene imavulala kawirikawiri ndi imene imalamula miyendo. Chikasu chikakula osathandizidwa nachonso chimavulaza ubongo. Apa m'pamene pamachokera vuto lija achipatala amati cerebral palsy, loti mwana amavutika kuyendetsa bwino ziwalo zake chifukwa ubongo unavulala. Komatu ubongo wa khanda uli ngati dothi loumbira mbiya lisanaume, umaphunzira msanga kuchokera ku zimene thupi likuchita tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mafizo, omwe ndi masewero olimbitsa ndi kuphunzitsa thupi, amafunika kuyamba mwana akadali wakhanda.

Muziwerenga msinkhu wake kawiri

Apa m'pamene makolo ambiri amadzivutitsa mtima pachabe, ena n'kumachedwa pachabe. Tiyerekeze kuti mwana amayembekezeka mu Malichi koma wabadwa mu Januwale. Pofika Julayi, buku la kusikelo likuti ali ndi miyezi 6, koma thupi lake lili ndi miyezi 4 yokha. Mwana wa mnansi wanu wobadwanso mu Januwale akayamba kukhala, wanu asanayambe, palibe chodabwitsa. Chotsani miyezi imene anafulumira, yotsalayo ndiyo muziyezera kakulidwe kake, mpaka akwane zaka ziwiri. Miyezi yonse ya msinkhu wa mwana yotchulidwa m'munsimu ndi yowerenga mwanjira imeneyi.

Katemera yekha ndiye satero. Iye amatsata tsiku lenileni lobadwa, choncho musamuchedwetse kusikelo poganiza kuti ndi wamng'ono.

Kangaroo ndiye mafizo oyamba

Njira yoika mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, yomwe imatchedwa kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Masiku ano WHO imalangiza kuti mwana wotere azikhala pachifuwa maola 8 kufikira 24 pa tsiku. Anthu amaidziwa ngati njira yofunditsa mwana, ndipo n'zoona, makamaka m'chisanu cha Juni ndi Julayi. Koma taonani mmene mwana amakhalira pamenepo: miyendo yopinda, manja pafupi ndi nkhope, mutu pakati, akumva kupuma ndi kuyenda kwa amayi ake. Ndi kakhalidwe komwe kaja anakasiya m'mimba. Mukatuluka m'chipatala musasiye mpaka anamwino atakuuzani. Abambo, chifuwa chanu nachonso chimafunda. Amayi akamasamba kapena kuphika, vulani malaya anu, m'mangeni mwana pachifuwa panu ndi chitenje.

Zochita pakhomo

Palibe makina ofunika. Mphasa, chitenje choyera ndi manja osamba ndi sopo n'zokwanira. Sankhani nthawi imene mwana ali maso, sakulira njala, komanso sanangoyamwa kumene.

Chachikulu pa zonse ndi kumugoneka chafufumimba ali maso, inu muli pompo. Yambirani pachifuwa panu mutatsamira khoma, muzimuyankhula kuti ayesetse kudzutsa mutu akuoneni. Akazolowera mutsitsireni pamiyendo panu, kenako pa mphasa, mutaika chitenje chokulunga pansi pa chifuwa chake, timikono tili kutsogolo. Poyamba mphindi imodzi kapena ziwiri, kangapo pa tsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Adzang'ung'udza, pakuti ndi ntchito yolemetsa kwa iye, koma khosi, mapewa ndi msana zimene adzakhalire ndi kukwawira zimalimba pamenepa. Tulo tikamugwira m'tembenuzeni. Khanda lizigona chagada nthawi zonse, pamalo osawofoka, mu neti, popanda pilo kapena nsalu zounjika kumaso kwake.

Ali chagada, bweretsani timanja take pamodzi pakati pa chifuwa, tigwirane, tifike kukamwa. Pindani timiyendo modekha kuti aone mapazi ake. Ikani nkhope yanu pafupi ndi yake, muziyendetsa pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kuti akutsatireni ndi maso ndi mutu. Nkhope ya amayi imaposa chidole chilichonse chogula pa msika wa Kasungu.

Pomunyamula, musamukoke manja kapena kumutola m'khwapa mutu uli lendelende. M'tembenuzireni chammbali kaye, dzanja lina kumutu lina kumatako, n'kumudzutsa atadzipinda. Muzisinthanso mbali: lero mutu wake uloze kukhomo, mawa kukhoma, poyamwitsa, bere ili ndi ilo, akadzafika pobereka kumbuyo, nkhope isamangoyang'ana mbali imodzi. Mwana amene amangopenya kumodzi mutu umaphwatalala mbali imeneyo ndipo khosi limakungika.

Tikudziwa kuti nyengo ya fodya ndi mtedza mayi sakhala pansi, ndipo mwana amatha tsiku lonse ali kumbuyo. Kubereka n'kwabwino, koma kumbuyo mwana saphunzira kugubuduka kapena kufikira chinthu. Popuma kumunda, yalani chitenje pamthunzi, m'masuleni asewere. Ku chigafa ndi kosankhira fodya kokha musapite naye, ngakhalenso m'khitchini mofuka utsi, chifukwa mapapo a mwana wobadwa msanga sachedwa kugwidwa chibayo.

Agogo, pano tikupempha ulemu wanu. Mwambo womukhazika mwana m'beseni kapena m'katoni, atatchingidwa ndi nsalu, usafulumire. Khosi lisanalimbe, mwana amangopindika ngati thumba, ndipo palibe chimene akuphunzira. Kumuimiritsa ndi kumudumphitsa pamiyendo nakonso kudikire, makamaka ngati miyendo yake ndi yokungika kale, poti kumamuzoloweretsa kuponda ndi zala. Pachifukwa chomwechi, kampando kamatayala koyendera ana kaja si kogula.

Mwana amanena yekha akatopa. Akayamba kuyasamula, kutembenuzira nkhope kumbali, kutambasula zala, kupuma mofulumira kapena kusintha mtundu, lekani, m'fungateni. Musamawongole mkono kapena mwendo mokakamiza.

Zizindikiro zoti mupite naye kwa a mafizo

Pa miyezi 4 khosi likadali lende, kapena manja amangokhala ofumbata chala chachikulu chili m'kati. Thupi ndi lolobodoka kwambiri, kapena ndi louma gwa moti kumuveka thewera ndi nkhondo. Mukamunyamula, miyendo imawongoka n'kupingasana. Amadzikunga kumbuyo ngati uta. Amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwanitse chaka. Ameneyo musamuti ndi wamanzere, chifukwa pa msinkhu umenewo mwana sanayambe kusankha dzanja. Amatsamwa kawirikawiri poyamwa. Pa miyezi 9 sakhala yekha, kapena pa miyezi 18 sanayambe kuyenda. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti akaonedwe. Sizitanthauza kuti mwana walumala ayi, ena amangofunika kuwalondolera pang'ono.

Kumudzi kwathu mwana akamanyentchera kapena kuchedwa kukhala, pamamveka mawu akuti tsempho, ndipo zala zimaloza bambo kapena mayi. Ena amati walodzedwa. Miyezi imatha banja likukangana ndi kuyenda mwa asing'anga, chonsecho mwana akuumirauma. Vuto ili gwero lake ndi kubadwa msanga, si chigololo cha munthu, ndipo mphini kapena mankhwala opaka paliwombo sizifika pamene pali bala.

Tinene zoona pa zimene mafizo angathe. Ngati ubongo unavulala, mafizo sachotsa balalo, ndipo aliyense wokulonjezani kuti achiza ndi mankhwala ogula akungofuna ndalama zanu. Chimene mafizo amachita ndi kuthandiza mwana kugwiritsa ntchito bwino mphamvu zimene ali nazo, kuteteza mfundo kuti zisaume zitapindika, ndi kukuphunzitsani inu kanyamulidwe, kakhazikidwe ndi kadyetsedwe koyenera. Wa mafizo amamuona mwana mphindi zochepa pa mwezi, ntchito yeniyeni imagwirika kunyumba.

Kopita

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kusikelo. Nenani momveka kuti mwana anabadwa pa miyezi ingati, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lake. Kaya muli ku Nkhamenya, ku Mtunthama, ku Santhe kapena ku Chulu, chipatala chapafupi chingakulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma pa Kasungu, ndipo pakafunika akatswiri ena amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities (MAP), lomwe kale linkadziwika ndi ntchito yothandiza odwala poliyo, nalonso limathandiza ana ovutika kuyenda. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani mwana ali chagada akusewera yekha, mukawaonetse achipatala, poti ana amakonda kugona kapena kulira nthawi yomwe akufunika kuonedwa. Pemphaninso kuti amuyeze maso ndi makutu.

Koma mwana akasiya kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mobanika, akakomoka, kapena maso ndi zikhatho zikasanduka zachikasu, imeneyo si nkhani yodikira tsiku la mafizo kapena la sikelo. M'mangeni pachifuwa, pezani njinga kapena galimoto, pitani ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.