Phoso, mapazi ndi fodya: moyo wa msilikali wa Keyala kumsasa

Nsanja yachikumbutso yomwe ili pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba imakumbutsa anthu za asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo makolo athu ankangoliti Keyala. Ambiri akaiona amaganiza za zipolopolo. Komatu masiku owomberana anali owerengeka. Masiku ochuluka msilikali ankalimbana ndi njala, mvula ndi zilonda za kumapazi.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza ija, chakudya chinkayenda pamitu ya amtengatenga. Katundu wa munthu mmodzi ankalemera pafupifupi makilogalamu 25, ndipo vuto linagona apa: wonyamulayo nayenso ankadya ufa womwewo. Ulendo ukatalika, monga wolondola asilikali a von Lettow-Vorbeck, mkulu wankhondo wa Ajeremani, kuchokera ku Karonga kulowa m'dziko lomwe Ajeremaniwo ankalamulira (Tanzania ya lero), thumba linkafika litapepuka. Phoso linali ufa kapena mpunga, nyemba ndi kamchere, nyama mwa apo ndi apo. Ufa ukanyowa ndi mvula unkachita nkhungu, ndipo nsima yophikidwa mothamanga pa nkhuni zaziwisi sinkapsa. Zotsatira zake zinali kutsegula m'mimba ndi kamwazi, matenda omwe anapulula anthu ambiri kuposa mfuti, makamaka amtengatenga omwe ankagona pamtetete. N'chifukwa chake asilikali ankadya m'timagulu: wina kukatola nkhuni, wina kukatunga madzi, wodziwa mthiko kukhala pamoto, kuti lipenga lisanalire mphika ukhale utaphulidwa.

Mapazi ndiye anali chuma. Asilikali a nthawi imeneyo ankayenda opanda nsapato, atakulunga nsalu kuyambira mu akakolo mpaka m'munsi mwa bondo. Madzulo aliyense ankayang'ana zala zake kufuna matekenya. Thekenya amalizula ndi singano kapena munga, kukanula khungu mozungulira kuti kathumba ka mazira katuluke kathunthu. Kakaphulikira mkati, bala limatukusira ndipo mawa lake munthu sayenda.

Pa nkhondo yachiwiri zinthu zinasinthako. Omwe anapita ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), Madagascar ndi Ceylon (Sri Lanka ya lero) anaona nsapato, zakudya zam'zitini ndi malole. Ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, mvula inkagwa osakata ndipo mdani wa tsiku ndi tsiku anali misundu ndi malungo. Msundu sankauzula ndi dzanja poopa kusiya bala losapola msanga. Ankauthira mchere kapena kuukhudza ndi ndudu yoyaka kuti ugwe wokha. Mapiritsi a mepacrine, oteteza ku malungo, ankamwa tsiku lililonse pamaso pa sajeni, chifukwa ena ankawalavula poona kuti akuchititsa khungu chikasu.

Zotonthoza mtima zinali zazing'ono: tiyi wotentha wa shuga wambiri, ndudu imodzi yoyenda pakamwa pa anthu asanu, bawo yokumba pansi n'kuseweretsa timiyala. Kalata yochokera kumudzi inkawerengedwa mokweza ndi mnzawo amene anapitako kusukulu ya mishoni, ndiye chinsinsi cha banja chinkasanduka cha tenti yonse.

Nanga perete, yemwe ankawatopetsa m'mamawa, si yemwe anasanduka chisangalalo usiku? Ankayeserera maofesala awo, kuguba mokokomeza, ng'oma ikulira. Mayendedwe amenewo ndi omwe timawaona m'gule wa beni ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, ovina atavala ngati asilikali, wina ali ndi wezulo pakamwa akulamula mzere.