Mmene anyamata a ku Spain anapezera mpikisano wawo wovina ndi riboni

Masewera a rhythmic gymnastics ndi aja amene munthu amavina pakapeti motsatira nyimbo, uku akuponya m'mwamba mpira, mkombero, tizibonga tiwiri, chingwe kapena riboni yotalika mamita 6, n'kuwakha zisanagwe pansi. Kapetiyo ndi ya mamita 13 mbali zonse zinayi, ndipo wopikisana payekha sapitirira mphindi imodzi ndi theka. Pamipikisano ya dziko lonse lapansi ndi ya Olimpiki, amene amaponda pakapetiyo ndi akazi okhaokha. Ku Spain zinthu zinayamba kusintha mu 2009, ndipo mkangano umene unabuka chaka chimenecho sunathebe.

Gwero la masewerawa linali ku dziko lakale la Soviet Union. Mu 1934 mumzinda wa Leningrad munatsegulidwa sukulu yophunzitsa kayendetsedwe ka thupi kokongola, ndipo aphunzitsi ake anatengera zambiri kwa ovina ballet a mumzindamo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dzikolo linali litayamba kuchititsa mpikisano wake wa dziko lonse. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Budapest mu 1963, ndipo ku Olimpiki masewerawa analowa mu 1984 ku Los Angeles, komwe Lori Fung wa ku Canada anatenga mendulo ya golide. Pa zaka zonsezi, m'mipikisano imeneyi palibe amene ankadzifunsa za amuna. Maganizo anali akuti iwo ali kale ndi masewera awo odumpha ndi kulendewera pazitsulo, ndipo riboni ndi nyimbo n'za atsikana.

Spain inalowa mochedwa koma inalowa ndi mphamvu. Mu 1975 inachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse, ndipo chaka chomwecho mzinda wa Madrid unalandira mpikisano wa dziko lonse lapansi. Mphunzitsi wochokera ku Bulgaria, Emilia Boneva, ndiye anaumba timu ya dzikolo kwa zaka zambiri. Carolina Pascual anapata siliva ku Barcelona mu 1992, ndipo mu 1996 ku Atlanta, pamene mpikisano wa magulu unalowa koyamba ku Olimpiki, atsikana a Spain anatenga golide. Almudena Cid anafika mundime yomaliza pa Olimpiki zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2008. Dziko limene ana ake amaonera zoterezi pa kanema chaka ndi chaka, n'zosadabwitsa kuti pakati pa ana osilirawo panali anyamata.

Mmodzi wa iwo anali Rubén Orihuela wa kuchigawo cha Valencia, wobadwa mu 1987. Kwa zaka zingapo 2009 isanafike, bungwe loyendetsa masewerawa ku Spain, la RFEG, linkalola anyamata ngati iye kupikisana m'gawo lotchedwa Open, pamodzi ndi atsikana. Sanali ambiri, ndipo sankasokoneza aliyense. Koma kumayambiriro kwa 2009 bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse lapansi, la FIG, linanenetsa kuti masewerawa ndi a akazi ndipo lilibe malamulo a mpikisano wa amuna. A RFEG anangotsatira mawuwo, n'kutseka chitseko. Anyamata amene anathera ubwana wawo wonse akuphunzira kuwakha tizibonga anauzidwa kuti pampikisano wa dziko lawo alibenso malo.

Orihuela sanakhale chete. Iye ndi anzake anadandaula poyera, nkhaniyo inafika m'manyuzipepala, ndipo bungwe lija linabweza mawu. Silinawabwezere m'gawo lakale ayi, koma linakhazikitsa mpikisano wa dziko lonse wa amuna okhaokha, umene unachitika koyamba chaka chomwecho cha 2009. Spain inakhala dziko loyamba kuvomereza mwalamulo mpikisano wa amuna wogwiritsa ntchito zipangizo zomwezo ndi kaweruzidwe komweko ka akazi. Orihuela ndiye anapambana, ndipo pomwe ankapuma pamasewerawa anali atakhala katswiri wa dziko lake maulendo 9. Pambuyo pake panabwera ena, monga Eneko Lambea wa kuchigawo cha Basque ndi Cristofer Benítez wa kuzilumba za Canary. Mu 2020 a RFEG anawonjezera gawo la magulu osakaniza anyamata ndi atsikana.

Anthu ambiri amaisimba nkhaniyi ngati chipambano, ndipo n'chipambanodi. Koma ine ndimaona kuti mpikisano umenewu ulinso ngati kuitanidwa kuukwati n'kukakudyetsera kuseri kwa nyumba. Mtsikana akapambana mpikisano wa dziko lonse la Spain, njira imatseguka: timu ya dziko, mpikisano wa ku Ulaya, wa dziko lonse lapansi, mwinanso Olimpiki. Mnyamata akapambana pakapeti yomweyo amalandira mendulo yake n'kubwerera kukalabu kwawo kukadikira chaka chamawa. Pamwamba pake palibenso china, chifukwa FIG ilibe mpikisano wa iye. Ndipo poti thandizo la boma ndi la makampani limatsata masewera amene ali ndi mendulo za Olimpiki, mnyamata wa luso amafika zaka 18 akudziwa kale kuti masewerawa sadzamudyetsa, pokhapokha atakhala mphunzitsi.

Chimene chimavutitsa nkhaniyi kwambiri n'chakuti padziko pali mitundu iwiri ya masewerawa ya amuna, ndipo siifanana. Ku Japan amuna akhala akuchita rhythmic gymnastics yawoyawo kuyambira kalekale Spain isanaganize n'komwe. Kumeneko kulibe riboni kapena mpira. Wopikisana payekha amagwiritsa ntchito ndodo, timikombero tiwiri tating'ono, chingwe kapena tizibonga, ndipo gulu limavina chimanjamanja, likudumpha ndi kutembenuzika m'malere onse nthawi imodzi, wina kudutsa pamwamba pa mnzake mosalakwitsa ngakhale pang'ono. Ali ndi mipikisano yawo ya dziko lonse, ya m'sukulu za sekondale ndi ya m'mayunivesite. Amene anaonera mwambo wotsekera Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, pamene Tokyo inkalandira mbendera, anaona anyamata a ku Aomori University akuchita zimenezi. Komabe ngakhale kwawo komweko anavutikapo: atatha masewera a 2008 anachotsedwa pa chikondwerero chachikulu cha masewera cha dziko la Japan, ndipo anabwereranso mu 2024 ku Saga.

Tsono munthu akati amuna aloledwe, funso limabwera lakuti amuna ake ati, a ndodo kapena a riboni? Kwa akuluakulu amene safuna kusintha kanthu, funso limeneli ndi pobisalira pabwino. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira 2017 mtsogoleri wa FIG ndi Morinari Watanabe, munthu wa ku Japan komweko, koma mpikisano wa dziko lonse lapansi wa amuna wovomerezeka ndi bungwelo sunakhazikitsidwe, wa mtundu uliwonse mwa iwiriyi.

Palinso kunyozedwa. Mu 2021 Tatiana Navka wa ku Russia, amene anapata golide ya Olimpiki mu 2006 pa masewera ovina pa madzi oundana, anaika pa Instagram kanema wa Cristofer Benítez akupikisana atavala zonyezimira, n'kumunyogodola, akusonyeza kukondwa kuti kwawo zoterezi kulibe. Bungwe la RFEG ndi akatswiri ambiri a ku Spain anaikira kumbuyo Benítez. Mawu a Navka anali ndi kulemera kwake, chifukwa Russia ndiyo inatenga golide wa opikisana payekha pa Olimpiki zisanu zotsatizana, kuyambira 2000 mpaka 2016, ndipo mawu ochokera kumeneko amamveka patali m'masewerawa.

Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, masewera ovina m'madzi, amene nawonso anali a akazi okhaokha, analola amuna kulowa m'matimu, ngakhale palibe dziko limene linasankha mwamuna. Izi zinasiya rhythmic gymnastics ili yokha pa Olimpiki imeneyo ngati masewera amene lamulo lake lenilenilo limaletsa mwamuna kupikisana.