Mabomba 6 omwe Joni inaphwasula yokha

Chaka cha 2026 chagundanitsa masiku awiri. Loyamba ndi 5 February, tsiku lomwe linaikidwa kuti pangano la New START lithe. Ili ndi pangano lomwe America ndi Russia anasainirana ku Prague mu 2010, loti aliyense asakhale ndi mabomba a nyukiliya otcheratchera opitirira 1,550. Lachiwiri ndi 11 April, pokwana zaka 30 chisainireni pangano la Pelindaba ku Cairo, pomwe maiko a mu Africa analonjeza kuti sadzapanga, kugula, kuyesa kapena kusungira wina bomba lotere. Kuno ku Mangochi, komwe mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, nkhaniyi si yakutali, chifukwa dziko lokhalo lomwe linadzipangira mabombawa kenako n'kuwaphwasula lokha ndi South Africa.

Akatswiri a nkhondo amati chida chachikulu chimagwira ntchito chisanaombedwe: mdani akadziwa kuti ukhoza kumufafaniza, sakuputa. Maganizowa si achilendo m'boma lathu lino. Linga la Fort Johnston atsamunda a ku Britain analimanga mu 1891 kutsidya kwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, kuti mfumuyo idzuke m'mawa uliwonse ikuona mizinga. Ndipo pafupi ndi chipilala cha wotchi, musanakwere mlatho, pali mzinga wa sitima ya Guendolen, yomwe mu August 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli. Mzinga ngati umenewo ukhoza kuomba n'kusiya anthu okambirana mtendere mawa lake. Bomba limodzi la ku Hiroshima pa 6 August 1945 linali litapha anthu pafupifupi 140,000 pofika kutha kwa chakacho. Kuyambira pamenepo, mutu unayamba kuwawa pa funso loti uopseza bwanji ndi chinthu chomwe sungachigwiritse ntchito.

Africa inalowa m'nkhaniyi mosafuna. France inaphulitsa bomba lake loyamba ku Reggane, m'chipululu cha Algeria, pa 13 February 1960, ndipo Kwame Nkrumah anakalipa koopsa. Mu July 1964 atsogoleri a OAU, bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa, atakumana ku Cairo anagwirizana kuti Africa ikhale yopanda zida za nyukiliya. Kamuzu analiko ku msonkhanowo, ufulu wathu uli ndi masabata awiri okha, ngakhale kuno timakumbukira kwambiri zomwe zinatsatira atabwerako: kusemphana ndi nduna zake, mpaka a Chipembere kulowa m'tchire. Mu 1968 kunabwera pangano la NPT, loletsa kufala kwa zida za nyukiliya, lomwe linalola maiko 5 kusunga mabomba awo pa lonjezo lakuti adzakambirana zowathetsa, ena onse n'kuletsedwa. Mawu a ku Cairo aja anangogona m'mafayilo zaka 30, ndipo chowagoneka chinali Pretoria, boma la azungu la South Africa.

Mu August 1977 setilaiti ya Soviet Union inaona zitsime zakuya zikukonzedwa pa Vastrap, m'chipululu cha Kalahari. Moscow inatsina khutu Washington, adani awiriwo n'kugwirizana pa tsiku limenelo, ndipo boma la South Africa la John Vorster linasiya zoyesa bombalo. Koma ntchito siinaime, inangolowa pansi. Pa Valindaba, pafupi ndi Pelindaba kumadzulo kwa Pretoria, ankayenga yureniyamu, ndipo kampani ya boma ya Armscor inkasonkha mabombawo, a mtundu wonga wa ku Hiroshima uja. Yureniyamu ku South Africa ankamutenga m'miyala yomweyo ya m'migodi ya golide, momwe Amalawi oposa 100,000 ankakumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 atapita pa Wenela. Boma lathu nalo linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967.

Dongosolo lawo ndi lomwe limaonetsa bwino momwe kuopseza kumayendera. Poyamba, osavomera komanso osakana, anthu azingoganizira. Zinthu zikathina, kunong'oneza America kuti tili nalo, kuti ichite mantha ibwere idzaleretse. Ikanyalanyaza, kuphulitsa limodzi pansi pa nthaka dziko lonse limve. Omwe anagwira ntchitoyi amanenetsa kuti zoliponya pa mzinda panalibe, ndipo n'zomveka ndithu: akanaliponya kuti? Luanda, Lusaka, Maputo? Mdani yemwe ankawasowetsa tulo anali ku Soweto, khomo ndi khomo ndi Johannesburg. Komabe mu 1988, nkhondo yomwe South Africa inkamenya ku Angola itavuta ku Cuito Cuanavale ndipo asilikali a Cuba pafupifupi 50,000 ali ku Angola, anthu anatumidwa kukatsegula chimodzi mwa zitsime za ku Vastrap kuti aone ngati chikadali bwino.

Apa zinthu zinathamanga. Mu December 1988 ku New York kunasainidwa mgwirizano woti Cuba ichoke ku Angola ndipo Namibia ilandire ufulu. F.W. de Klerk analowa pa mpando wa utsogoleri wa South Africa mu September 1989, khoma la Berlin n'kugwa mu November. Mu February 1990, mwezi womwe Nelson Mandela anatuluka m'ndende, fakitale ya Valindaba inatsekedwa ndipo de Klerk analamula kuti mabomba 6 omalizidwa, ndi la 7 lomwe linali lisanathe, aphwasulidwe. Yureniyamu anamusungunula n'kumubweza ku Pelindaba, zonse mwakachetechete. Dzikolo linalowa mu NPT pa 10 July 1991, koma anthu ake anadzamva pa 24 March 1993, de Klerk ataulula m'nyumba ya malamulo kuti mabomba analipo ndipo kulibenso.

Chifukwa chake n'chomwe anthu amakanganirana mpaka lero. Mwiniwake de Klerk ankati chiopsezo cha Soviet Union chinali chitatha, ndipo mabombawo ankangotsekereza dzikolo kubwerera pakati pa anzake. Ena amati boma la azungu linaona kuti ufumu ukupita kwa ANC, yomwe inali pa ubwenzi ndi Gaddafi ndi Castro, ndiye silinafune kusiya bomba m'manja mwa munthu wakuda. Umboni wa mbali yoyamba ngochuluka, koma wambiri ukuchokera pakamwa pa omwe anachita zinthuzo. Wa mbali yachiwiri wagona pa kugundana kwa masiku, ndipo zikalata zambirimbiri za ntchitoyi zinawonongedwa de Klerk asanaulule. Oyendera a IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya, anawerengetsa yureniyamu n'kukhutira kuti palibe wobisidwa. Za mumtima mwa munthu sikelo yawo siyeza. Kwa ine zifukwa ziwirizi sizikanana. Chomwe sichikanika n'chakuti ANC yomwe ankaikayikirayo italowa m'boma siinafune bomba, ndipo mu 1996 Africa inasaina pangano lotchedwa dzina la malo omwe munkachitikira ntchitoyo.

Okonda kuopseza ali ndi poyankhira, ndipo tisawapeputse. Ukraine inapereka mabomba omwe Soviet Union inasiya m'dziko lake, italonjezedwa ku Budapest mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa. Taonani momwe Russia inailowerera mu 2014 ndi 2022. Gaddafi anasiya ntchito yake ya nyukiliya mu 2003, n'kuphedwa mu 2011. North Korea, yomwe inatuluka mu NPT mu 2003, palibe waiponda. Koma South Africa nayo palibe waiukira, ndipo mabomba 6 aja sanatalikitse ulamuliro wa tsankho ndi tsiku limodzi lomwe.

Pangano la Pelindaba linayamba kugwira ntchito pa 15 July 2009, chaka chomwe mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa yureniyamu. Malawi ali m'panganoli, ndipo mu 2022 anavomerezanso lija la mu 2017 loletseratu zida za nyukiliya, lomwe maiko onse okhala ndi mabomba analikana. Yureniyamu wa mabomba a ku Joni wina anamugwiritsa ntchito popanga mankhwala a m'zipatala, wotsalayo akadali m'chipinda chokhoma ku Pelindaba. Barack Obama anapempha Jacob Zuma kuti amuchotse, Zuma anakana, ndipo Pretoria imabwereza yankho lomwelo nthawi zonse: omwe analonjeza mu 1968 ayambe ndi iwo.