Wonga "wozizira" sungapulumutse mpope wa mfuti yanu

Pali funso limene ndatopa nalo kulimva kwa anthu odzilongera okha zipolopolo: "Kodi ndi wonga uti umene sudya mpope?" Amafunsa alenje aziphaso, amafunsanso owombera chandamale pa mpikisano, makamaka ku South Africa kumene lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini chiphaso kulonga zipolopolo za mfuti yake yomwe ili pa chiphasocho. Yankho ndi lakuti wonga wotero kulibe. Wonga uliwonse wopanda utsi umadya chitsulo. Ndipo mwa zinthu zonse zimene zimafupikitsa moyo wa mpope, dzina lolembedwa pa chitini ndi limene lili ndi mbali yaing'ono. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pofunafuna wonga wozizirawo, umene amati sutentha kwambiri, anthu amasiya buku la miyeso, lomwe limanena kuchuluka kwa wonga woyenera kuthira, n'kuyamba kuyesa zinthu zimene zingawachotsere zala kapena maso.

Mpope sutha ponseponse. Umatha pakhosi, kutsogolo kwenikweni kwa chipinda chimene chipolopolo chimagona, pamene mizere yopota imayambira. Mukakoka kakhwekhwe, mpweya wotentha kupitirira madigiri 2,000 umadzipanikiza pamalo ochepa amenewo ndi puresha yofika pafupi ndi 60,000 psi (muyeso wa puresha). Chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, koma mpope susungunuka chifukwa zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa zedi, kongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kachikopa kopyapyala ka pamwamba pa chitsulo ndi kamene kamatentha n'kuziziranso mwadzidzidzi, kamaumitsidwa ndi carbon ndi nitrogen za mumpweyawo, kenako kamang'aluka. Mukalowetsa borescope, kachida koonera m'kati mwa mpope, mu mpope wotopa mudzaona pakhosipo pali ming'alu ngati matope a m'dambo mwezi wa Okutobala, ndipo poyambira mizere pamene panali pakuthwa pasanduka potsetsereka. Tizidutswa ta ming'aluyo timathothoka pang'onopang'ono, khosi n'kumasunthira kutsogolo, mutu wa chipolopolo n'kumadumpha mtunda wautali usanagwire mizere. Apo m'pamene zipolopolo zimayamba kumwazikana pa chandamale, chikhalirecho mpope wonse kutsogoloku ukuoneka watsopano.

Nkhani ya wonga wotentha ili ndi pamene inachokera, ndipo kalelo inali yoona. Cordite yoyamba, wonga wa asilikali a ku Britain wa mu 1889, inali ndi nitroglycerine yokwana 58 peresenti. Inkatentha kwambiri moti inadya mizere yosazama ya mfuti za Lee-Metford m'nthawi yochepa, ndipo mu 1895 anasintha mizereyo n'kubwera ndi Lee-Enfield, mfuti ya .303 ija imene inadzafala kuno kwathu ndi asilikali a King's African Rifles. Pambuyo pake anasinthanso cordite yeniyeniyo, nitroglycerine n'kutsika kufika pa 30 peresenti, cholinga chake chomwecho chopulumutsa mipope. Choncho n'zoona kuti wonga wa double base, wokhala ndi nitrocellulose pamodzi ndi nitroglycerine, umayaka ndi moto wotentha kuposa wa single base, wa nitrocellulose yokha. Koma wonga wa mfuti zazitali wa masiku ano uli ndi nitroglycerine yochepa kwambiri poyerekeza ndi cordite ija, komanso njere zake zimakutidwa ndi mankhwala ochedwetsa moto. Wonga wa njere zobulungira nthawi zambiri ndi wa double base, koma chifukwa cha kukutidwako sikuti umatentha kuposa wa timitengo nthawi zonse. Kusiyana kulipo, monga pakati pa wonga wa kampani ya Vihtavuori wa N100 ndi wa N500 umene anauwonjezera nitroglycerine, ndipo munthu wowombera zipolopolo masauzande pachaka angakuone. Mlenje wowombera zipolopolo 100 pachaka sadzakuona.

Chimene chimadya mpope kwenikweni ndi kuchuluka kwa wonga poyerekeza ndi kukula kwa bowo limene mpweya wake ukudutsamo. Chitsanzo chimene chimandivutitsa maganizo nthawi zonse ndi .243 Winchester, chifukwa ndi mfuti imene anthu amagulira achinyamata ndi oyamba kumene poti sikankha paphewa. Chigoba chake, chimene mumakhala wonga, ndi cha .308 Winchester chomwe chija, anangochifinya pakamwa mu 1955. Zonse ziwiri zimanyamula wonga wokwana ma grain 40 ndi kanthu (grain ndi muyeso waung'ono wa kulemera). Koma bowo la .243 ndi pafupifupi magawo 62 okha pa 100 a bowo la .308, ndiye moto wofananawo ukudutsa pakhomo lopapatiza. Owombera pa mpikisano amayembekezera zipolopolo pafupifupi 5,000 kuchokera ku mpope wa .308 usanayambe kumwaza, pomwe wa .243 nthawi zambiri umatopa chapakati pa 1,500 ndi 2,000. Tsono chimachitika n'chiyani? Poti mfutiyo sipweteka, mwini wake amakhala pa benchi n'kuwombera zipolopolo 40 kapena 50 mosapumira, mitu yopepuka ya ma grain 55 kapena 70, wonga atadzaza mpaka pa malire a m'buku la miyeso kuti aone liwiro lalikulu. Mpope umatentha mpaka sungagwirike ndi dzanja, iye akupitirizabe. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri mfuti yayamba kumwaza, ndipo mlandu wonse umagwera wonga. Amasintha chitini, amasinthanso china, amawononga ndalama ndi zipolopolo zina mazana awiri poyesa, ndipo kuyesako kukumalizitsa khosi lomwe linatsala. Wongawo unalibe vuto. Mpope womwewo ukanawomberedwa zipolopolo zitatu kapena zisanu n'kupumitsidwa, ndi muyeso wotsikirako pang'ono, ukanakhala zaka zambiri.

Chimodzimodzi .300 Winchester Magnum: bowo lake ndi lofanana ndi la .308, koma imatentha ma grain 70 ndi kupitirira, ndipo mpope wake kawirikawiri sufika theka la moyo wa .308. Moyo wa mpope munausankha tsiku limene munagula mfuti. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi puresha ndi kutentha.

Pa puresha, ma grain awiri omalizira pafupi ndi malire ndi amene amadula kwambiri. Amakupatsani liwiro lowonjezera pang'ono limene nswala kapena ngoma siingalizindikire pa mamita 200, koma amakweza puresha ndi kutentha pakhosi mwamphamvu, ndiponso amafutukula kabowo ka primer, kachitsulo koyatsa wonga kamene kali pansi pa chigoba, moti zigoba zimatha msanga. Pa kutentha, lamulo lake n'losavuta: ngati simungathe kugwira mpope kutsogolo kwa chipinda kwa masekondi angapo, lekani, tsegulani bolt (chitsulo chotsekera chipinda kumbuyo), imikani mfuti pamthunzi kuti mphepo idutsemo. Musasiye chipolopolo m'chipinda chotentha mukudikira, chifukwa wonga wofunda umakweza puresha.

Tsono wonga usankhidwe bwanji? Muyambire pa liwiro la kayakidwe kake, mogwirizana ndi chigoba ndi kulemera kwa mutu. Chigoba chachikulu cha pakamwa pang'ono ndi mutu wolemera zimafuna wonga woyaka pang'onopang'ono. Chigoba chapakati ngati .308 kapena .303 chimafuna wapakati. Pa wonga wa Somchem wopangidwa ku Somerset West, S335 ndi wa zigoba ngati .308 ndi .303, S365 umapita ku .30-06, .270 ndi .243, ndipo S385 ndi wa ma magnum. Mwa mitundu imene buku lalemba pa mutu wanuwo, sankhani umene umadzaza chigoba pafupifupi 90 peresenti kapena kuposerapo usanafike pa malire. Chigoba chodzaza bwino chimayaka mofanana nthawi zonse, komanso simungathiremo wonga kawiri osazindikira. Chachitatu ndi mmene wongawo umachitira kukatentha. Muyeso umene munaupeza m'mawa wozizira wa Juni ku Johannesburg ungakhale woopsa mu Okutobala ku chigwa cha Luangwa kumene kumatentha mpaka madigiri 40. Vutoli ndi lakale: n'chifukwa chake .416 Rigby ya mu 1911 inapangidwa ndi chigoba chachikulu chogwira ntchito pa puresha yotsika, popeza cordite inkakwiya ndi dzuwa la ku Africa. Lero kuli mitundu ngati Varget ndi H4350, yopangidwa ku Australia, imene sisintha kwambiri ndi nyengo. Komabe muyeso uziyesedwa pa kutentha kumene mukausakire, ndipo zipolopolo zisagone padzuwa pa dashibodi ya galimoto. Zitatuzi zikakwana, ndiye mungaganize za single base kapena double base. Ngati mitundu iwiri ikulondola mofanana, tengani single base, ndipo nkhani ithere pomwepo.

Muyeso uchokere m'buku la amene anapanga wongawo kapena mutuwo, latsopano. Yambani pa muyeso woyambira wolembedwa. Ngati alemba malire okha, tsitsani ndi 10 peresenti, kutanthauza kuti malire akakhala ma grain 44 muyambire pa 39.6. Kwerani ndi 0.3 mpaka 0.5 grain, zipolopolo zitatu pa sitepe iliyonse, ndipo chigoba chilichonse muchiyang'ane chikangotuluka. Primer yophwanthalala mpaka m'mbali, kachizindikiro konyezimira pansi pa chigoba pamene pagunda ejector (kachitsulo kotulutsa chigoba), bolt yolimba potsegula: chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, imani, phwasulani zotsalazo. Dziwaninso kuti zizindikirozi zimachedwa kuoneka, nthawi zina mutadutsa kale malire. Chronograph, makina oyezera liwiro la chipolopolo, ndi imene imanena msanga: ngati liwiro lanu laposa la m'buku ndi mpope wotalika mofanana, puresha yanunso yaposa. Mukatsegula chitini cha lot ina (wonga wopangidwa ulendo wina ku fakitale), ngakhale dzina lili lomwelo, tsikaninso pang'ono n'kukweranso. Ndipo sikelo izikhala pa grain. Galamu imodzi ndi ma grain 15.4, ndiye sikelo ya batire ikasintha yokha muyeso popanda inu kuona, ngozi yake si yaing'ono.

Musaganizenso kuti mupulumutsa mpope potsitsa kwambiri wonga woyaka pang'onopang'ono. Pansi pa muyeso woyambira umayaka mosadalirika, mutu ungathe kutsakamira mu mpope, ndipo mabuku amachenjeza kuti puresha ikhoza kudumpha mosayembekezeka. Miyeso yochepetsedwa ili ndi wonga wake ndi manambala ake osindikizidwa.

Apa ndiye ndifike pa chimene chimavulaza anthu. Wonga ukasowa m'masitolo, amatulukira anthu odziwa zonse. Wina akugulitsa wonga m'botolo la zakumwa, akuti "ndi wofanana ndi S365". Wina wakhuthula zipolopolo zakale zausilikali, waphatikiza wonga wake m'chigubu chimodzi. Wina watumiza muyeso pa WhatsApp, akuti mfuti yake imaulandira bwinobwino. Abale anga, wonga sudziwika ndi maso. Mitundu iwiri ingafanane njere, mtundu ndi fungo koma ina n'kumayaka mofulumira kwambiri kuposa inzake. Ngakhale manambala ofanana sakutanthauza chinthu chimodzi: IMR 4831 ndi H4831 ndi mitundu iwiri yosiyana, ndipo muyeso wa H4831 ukathiridwa ndi IMR 4831 puresha imapitirira. Tchati cha liwiro la kayakidwe chimangosonyeza oyandikana, si chilolezo chobwereka muyeso. Choopsa koposa ndi wonga wa pisitomu kapena wa shotgun, monga MP200 ndi MS200, kulowa m'chigoba cha mfuti yaitali. Ma grain 40 a wonga wotero amaphulitsa chitsulo, ndipo nkhope ya wowombera ili pomwepo kuseri kwa bolt. N'chifukwa chake pa tebulo pazikhala chitini chimodzi chokha, ndipo mukamaliza, wotsala mu choyezera ubwerere m'chitini chomwecho nthawi yomweyo, osati mawa. Musasakanize mitundu iwiri pofuna kupeza "wapakati". Ndipo wonga wopanda utsi usalowe ngakhale pang'ono m'mfuti yodzazira kukamwa ngati gogodera. Mfuti zoterozo zinapangidwira wonga wakuda wa puresha yotsika, ndipo zimang'ambika m'manja.

Wonga umaolanso. Muli mankhwala ouletsa kuwonongeka, koma amatha ndi zaka, ndipo kutentha kumafulumizitsa. Chitini chosungidwa m'galaja ya malata chingaonongeke m'zaka zochepa pomwe cha m'chipinda chozizira chikanakhala zaka makumi. Wabwino umamveka kafungo ka mankhwala osungunulira, kokhala ngati ka acetone. Woola umaluma m'mphuno ngati asidi, umatulutsa fumbi lofiirira mukauthira pa pepala loyera, ndipo chivindikiro chimachita dzimbiri m'kati. Woterewo usalongedwe ndipo usasungidwe m'nyumba, chifukwa ungathe kudziyakira wokha. Funsani sitolo ya mfuti yovomerezeka kapena apolisi za katayidwe kake sabata yomweyo. Wabwinowo uzikhala m'chitini chake, kutali ndi ma primer, osati m'bokosi lachitsulo lotsekeka zolimba limene lingasanduke bomba nyumba ikapsa.

Pomaliza pake, yezani khosi m'malo mongoganizira. Mpope ukadali watsopano, tengani mutu umodzi muusunge padera, muyeze ndi geji utali umene mutuwo umakhudzira mizere, mulembe m'kabuku pamodzi ndi chiwerengero cha zipolopolo zimene mwawombera. Bwerezani ndi mutu womwewo pakatha zipolopolo 200 kapena 300. Mfuti ikayamba kumwaza, yambani mwatsuka kaboni wouma amene amamanga mkombero pakhosi ndi mkuwa wa m'mizere, muonenso zomangira za sikopu ndi za thupi la mfuti, chifukwa mipope yambiri yonenedwa kuti yatha imakhala yakuda chabe. Ngati khosi lasunthadi, mungatulutseko mutu pang'ono kutsatira mizere mpaka pamene magazini ikulola. Kupitirira apo musawonjezere wonga pofuna kubweza liwiro lotayika. Pitani nayo kwa wokonza mfuti wachiphaso akaione ndi borescope, adule ndi kubwezera chipinda kumbuyo ngati chitsulo chikulola, kapena aike mpope wina, ndipo mpope watsopanowo muuyambirenso pa muyeso woyambira.